Mafulati a ku Naperi ndi Mtsinje Umene Tinaufulatira

Munthu akamafunafuna nyumba ya lendi mu Blantyre masiku ano, maejenti amamuwerengera zinthu zomwezomwezo: pansi pali matailosi, siling'i ndi yatsopano, giza ikugwira, mita ya magetsi ndi yakeyake, kuseri kuli thanki ya madzi, ndipo nyumbayo ili mumpanda. Akangotchula kuti ili ku Naperi, mtengo umakwerako, ndipo chifukwa chake n'chosabisika. Kuchokera ku Naperi munthu amatha kuyenda wapansi kukafika ku Ginnery Corner ndi kuchipatala cha Gulupu, masukulu a ukachenjede a KUHeS ndi MUBAS ali pafupi, ndipo ku Chichiri, m'tauni ndi ku Limbe ndi ulendo waufupi wa minibasi. Koma pamndandanda wonsewo ejenti satchula mtsinje wa Naperi, umene uli ndi dzina limodzi ndi deralo, umadutsa m'munsi mwa nyumbazi n'kukathira mu Mudi. Ku Cape Town kapena ku London, nyumba yoyang'ana madzi ndiyo imadula kuposa zinzake zonse mumsewu umodzi. Kwathu kuno nyumba yoyandikana ndi mtsinje imamangidwa moufulatira: mawindo aakulu amayang'ana kumsewu, kumtsinje kumaikidwa khoma lalitali ndi paipi yotayira madzi oipa. Ine ndikuona kuti kukonzanso nyumba zakale za ku Naperi n'kuzisandutsa mafulati ndi chinthu chabwino chimene mzinda uno ukuchifuna, koma ntchitoyi ikumathera pa mpanda, pamene zambiri zimene zimachititsa kuti munthu akhale mosangalala kapena movutika m'nyumbamo zili kunja kwa mpandawo.

Naperi, monga Chitawira, Nkolokosa, Kanjedza ndi Soche East, ndi limodzi mwa madera amene anakula ndi nyumba za bungwe la Malawi Housing Corporation, limene linakhazikitsidwa mu 1964, chaka chimene dziko lino linalandira ufulu wodzilamulira. Maganizo a nthawi imeneyo anali akuti puloti imodzi ndi ya banja limodzi, lokhala ndi bwalo kutsogolo, kamunda kuseri, mtengo wa mango kapena wa mapeyala, ndipo kwina kanyumba ka wantchito kamene timati boyizikota. Mapaipi a madzi akumwa, mapaipi a suweji, ngalande za mvula ndi misewu zinayezedwa potengera chiwerengero chimenecho. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 800,264 mumzinda wa Blantyre, ndipo oposa theka la anthuwa amakhala m'madera amene anakula popanda pulani, monga Ndirande, Mbayani, Bangwe ndi Chilobwe. Nyumba zomangidwa mwadongosolo sizinachuluke molingana ndi anthu. N'chifukwa chake pamapuloti amene anafika m'manja mwa anthu wamba nyumba imodzi ikugawidwa pawiri, boyizikota ikukuzidwa, pamene panali kamunda pakumangidwa mdadada wa zipinda, ndipo ena akugwetseratu nyumba yakale n'kumanga yosanja. Olowamo alipo kale: ophunzira amene asowa malo m'mahositelo a sukulu zawo, anamwino, madokotala achinyamata, ogwira ntchito m'mabanki ndi m'makampani. Mwini nyumba nayenso ali ndi chifukwa chomveka. Kawirikawiri amakhala munthu wopuma pantchito kapena mayi wamasiye amene anaona penshoni yake ikusungunuka pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kwa munthu wotere lendi ya mafulati atatu ndiyo imagula mankhwala ndi kulipira fizi ya adzukulu, ndipo palibe amene angamuda chifukwa chofuna kudzisamalira.

Koma phindu la mafulati amenewa silithera m'thumba mwa landilodi. Pakati pa mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yosalekeza kwa masiku angapo, ndipo matope, miyala ndi mitengo zinatsetsereka kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo Blantyre inali pakati pa maboma amene analira maliro ambiri. Anthu amene anamanga m'mbali mwa phiri lija anakwera kumeneko chifukwa pansi panalibe malo amene akanakwanitsa. Wina anganene kuti fulati ya matailosi ya ku Naperi ilibe chochita ndi mlonda wa ku Chilobwe, poti iye sangaikwanitse ngakhale atapereka malipiro ake onse. Zoona, koma msika wa nyumba ndi umodzi. Namwino akasowa malo ku Naperi amakapeza nyumba ku Zingwangwa, n'kupereka lendi yoposa imene amapereka mmisiri amene amakhalamo. Mmisiriyo amasunthira kumtunda, n'kusuntha mlonda, ndipo mlonda uja ndiye amakadula mitengo yotsala m'phiri n'kusalaza malo oimikapo kanyumba. Banja lililonse limene lapeza pokhala pamalo athyathyathya, okhala kale ndi msewu ndi mapaipi, limachepetsa kukankhana kumeneku. Mzinda umene ukukana kukula chokwera m'madera ake apakati umakula chotambalala m'mapiri ndi m'madambo, ndipo mtengo wa zimenezo tinauona ndi maso athu.

Tsono tilowe m'fulatimo tione mmene moyo wake ulili. Chinthu choyamba chimene wokhalamo amaphunzira n'chakuti matailosi sabweretsa madzi. Ngakhale Blantyre ili ndi mitsinje yambiri, Mudi, Naperi, Nasolo, Limbe, Likhubula ndi ina, madzi ochuluka amene mzindawu umamwa amachokera ku Walker's Ferry pamtsinje wa Shire, makilomita pafupifupi 40 kuchokera m'tauni, ndipo amachita kupopedwa kukwera mtunda wa mamita pafupifupi 800. Damu la Mudi, lomangidwa m'zaka za m'ma 1950, limathandiza pang'ono chabe, ndipo madzi ochokera ku phiri la Mulanje anawonjezeredwa pambuyo pake. Kupopa madzi mtunda wotere kumadya magetsi ambiri, kotero kuti magetsi akavuta, mipopi nayonso imauma. Tinaziona pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Yankho la eni nyumba lakhala thanki ndi pampu, ndipo kwa wokhala mumpandamo yankholi limagwiradi ntchito. Vuto n'lakuti paipi ya mumsewu ndi yomwe ija. Madzi akangobwera usiku, matanki asanu a puloti imodzi amayamba kumwa, ndipo nyumba ya kumtunda imene ilibe thanki imadikira mpaka m'mawa, mwina osalandira n'komwe. Thanki siichulukitsa madzi a m'dera, imangosintha amene awapeze poyamba.

Nkhani yaikulu kuposa imeneyi ndi ya madzi otuluka. Puloti imene inali ndi chimbudzi chimodzi lero ili ndi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, mabafa ochuluka chimodzimodzi, ndi masinki a kukhitchini otaya mafuta. Ngati puloti inalumikizidwa ku suweji ya khonsolo, zonsezi zikulowa m'paipi yakale imene inaikidwa zaka zambiri zapitazo. Mapaipi a suweji amatsata kutsetsereka kwa nthaka, ndiye kuti ambiri amayenda m'mbali mwa mitsinje popita kumalo oyeretsera madzi oipa monga a Soche ndi a ku Manase. Paipi yotere ikaphulika, ikatsekeka ndi zinyalala, kapena akuba akachotsa chivundikiro chachitsulo, zam'katimo sizikhala ndi kwina kopita koma mumtsinje. Pamene palibe suweji anthu amakumba maseputiki tanki, ndipo papuloti yodzaza ndi nyumba dzenjelo limakankhidwira pakona ya kumunsi, kufupi ndi madzi, m'nthaka imene m'dzinja imakhala yokhuta kale. Madzi omwewo kumunsi amayi akuchapiramo zovala, anyamata akutsukira magalimoto, ana akusewera, ndipo alimi a m'madimba akuthirira mpiru ndi chayinizi zimene zimabwerera kumsika n'kudzagulidwa ndi wokhala m'fulati yemwe uja. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, woopsa kuposa miliri ina yonse ya kolera imene dziko lino linaonapo, unagwira anthu oposa 58,000 n'kupha oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 masukulu a mu Blantyre ndi mu Lilongwe anachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Kolera sifunsa ngati munthu ali mumpanda. Imalowa ndi ndiwo zamasamba, ndi madzi a m'zigubu ogulidwa tsiku limene mpopi wauma, ndi manja a wantchito amene kwawo kulibe chimbudzi chabwino.

Palinso madzi a mvula, amene okonza nyumba amawaiwala kwambiri. Puloti yakale inali ndi kapinga, mitengo ndi dothi losaphimbidwa, zimene zinkamwa gawo lalikulu la mvula. Kukonzanso kwa masiku ano kumayamba ndi kudula mango uja, kenako bwalo lonse limathiridwa konkire kapena kuyalidwa timiyala ta simenti kuti magalimoto a matenanti apeze poima. Malata achuluka, dothi latha, ndipo dontho lililonse limathamangira ku kabowo ka pansi pa mpanda n'kutulukira mumsewu. Puloti imodzi ikatero palibe chimene chimasintha, koma mapuloti makumi angapo akatero, ngalande imene inkakwana imasefukira, phula amakumbika m'mbali, ndipo mtsinje umalandira m'mphindi zochepa madzi amene kale unkawalandira pang'onopang'ono kwa maola. Nthawi yomweyo ena akukankhira mipanda yawo m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, kuthira dothi ndi zigumukire kuti puloti ikule, pamene okumba mchenga akufukula magombe ndipo majumbo, mabotolo ndi mapampasi akutseka pansi pa milatho. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Mukaupanikiza mtsinje mbali ino, umakadya mbali inayo kapena umakasefukira kwa anzanu a kumunsi, ndipo kumunsi kwa Naperi ndi Mudi kumakhala anthu a nyumba za njerwa zosawotcha amene sanapindule kalikonse ndi lendi ya kumtunda.

Eni nyumba ali ndi yankho lawo, ndipo si lopanda nzeru. Iwo amati suweji, ngalande ndi zinyalala ndi ntchito ya khonsolo ya mzinda, kumene iwo amalipira msonkho wa malo ndi nyumba. Munthu mmodzi sangakonze paipi ya mumsewu, ndipo si iye anaba chivundikiro. Ndikuvomereza kuti udindo woyamba ndi wa khonsolo, ndipo kuti galimoto yotenga zinyalala kupita nazo ku Mzedi siifika mokwanira m'madera ambiri. Koma tiyeni tifunse kuti mwa nyumba zowonjezera zimenezi, ndi zingati zimene pulani yake inapita kukhonsolo isanamangidwe. Puloti imene m'kaundula ikuonekabe ngati nyumba ya banja limodzi, pamene pakukhala mabanja asanu, ikulipira msonkho wa banja limodzi koma ikusenzetsa mapaipi katundu wa mabanja asanu. Mainjiniya sangakuze paipi potengera anthu amene pamapepala kulibe. Malamulo alipo: la za madzi la 2013, la mapulani a malo la 2016, ndi la za chilengedwe la 2017, limene linabweretsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA. Onsewa amapereka mphamvu zoletsa kuthira zoipa mumtsinje ndi kumanga mosatsata pulani. Chimene chikusowa n'chakuti mbali ziwirizi zikumane pakati: khonsolo ifewetse ndi kufulumizitsa njira yovomerezera mafulati, kuti munthu asaope kupita ndi pulani yake poganiza kuti ikagona muofesi chaka chonse, ndipo mwini puloti avomere kuti chilolezo chowonjezera nyumba chimabwera ndi zofunika zake, monga kusonyeza kumene madzi a kuchimbudzi akupita, kusiya gawo la bwalo losathira konkire, ndi kulipira gawo lake pakukuza paipi. Ndalama za zimenezi n'zochepa poyerekeza ndi za matailosi, mageti ndi waya wamagetsi zimene amalipira mosanyinyirika.

Dandaulo limene limandikhudza mtima kwambiri ndi la anthu amene akhala ku Naperi zaka zambiri. Nyumba ikangopakidwa penti ndi kuikidwa matailosi, lendi imalumpha, landilodi amafuna ya miyezi itatu pakamodzi, ejenti amafuna yake, ndipo mphunzitsi amene analerera ana ake m'nyumbamo amapatsidwa notisi ya mwezi umodzi. Izi zikuchitikadi, ndipo tenanti wa kwathu kuno ndi wosatetezeka, chifukwa ambiri amalowa m'nyumba popanda pangano lolembedwa. Koma tisiyanitse zinthu ziwiri zimene zonse timazitcha kukonza nyumba. Pali kukonza kumene kumasiya nyumba imodzi kukhala imodzi yomweyo koma yodula kawiri. Kumeneku kumathamangitsa anthu popanda kuwonjezera pokhala. Palinso kukonza kumene kumasandutsa malo a banja limodzi kukhala a mabanja anayi. Kumeneku kumawonjezera nyumba pamsika, ndipo ndi kokhako kumene m'kupita kwa nthawi kungachepetse liwiro la kukwera kwa lendi. Kuletsa mafulati pofuna kuteteza matenanti akale kungangochititsa kuti nyumba zochepa zomwezo zizilimbiranidwa ndi anthu ochuluka, ndipo wopambana amakhala wa thumba lalikulu. Chitetezo chenicheni cha tenanti chili m'pangano lolembedwa, notisi yokwanira, ndi malo okadandaula osafuna loya. Chilinso m'kuti bungwe la nyumba la boma lija, limene lili ndi malo m'madera amenewa, limange nyumba zosanja za lendi yofikirika m'malo mosiya ntchito yonse m'manja mwa anthu paokha.

Ena amaseka nkhani yokonza mtsinje, amati zimenezo n'za maiko olemera, ife tili ndi njala ndi mankhwala oti tigule. Mbiri ikusonyeza kuti mizinda ina inayamba ntchitoyi chifukwa cha matenda ndi fungo, kukongola n'kudzabwera pambuyo. Mu 1858 mtsinje wa Thames unanunkha mpaka aphungu a nyumba ya malamulo ya ku London analephera kupirira, ndipo zitatero injiniya Joseph Bazalgette anapatsidwa ndalama zomangira mapaipi aakulu a suweji amene anathandiza kuthetsa kolera mumzindamo. Ku Singapore, ntchito yoyeretsa mtsinje imene mtsogoleri wa dzikolo, Lee Kuan Yew, analamula mu 1977 inatenga zaka khumi, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyo inachitikira pamtunda: mabanja a m'zisakasa anasamutsidwira m'mafulati okhala ndi suweji, ogulitsa zakudya mumsewu anamangiridwa misika yokhala ndi madzi, ndipo makola a nkhumba anachotsedwa m'mbali mwa madzi. Chitsanzo chimene sitiyenera kuchisirira ndi cha Seoul, kumene pakati pa 2003 ndi 2005 anagumula msewu wam'mwamba n'kutsegula mtsinje wa Cheonggyecheon, wokongola ndithu, koma madzi ake ambiri amachita kupopedwa ndi makina. Ife sitikufuna nyali zamitundumitundu ndi mipando ya m'mbali mwa madzi. Tikufuna kuti zimbudzi zisathire mumtsinje ndi kuti magombe akhale ndi nsungwi, vetiva ndi mitengo. Ndalama zina zilipo kale: mu 2023 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza madola 145 miliyoni a ntchito yokonza madzi ndi ukhondo mu Blantyre. Koma paipi yatsopano ya mumsewu siingathandize ngati mapuloti a m'mbali mwake akupitiriza kutayira madzi oipa kuseri kwa mpanda.

Kumbali inayo kuli okwiya amene amati boma lingobweretsa mathirakitala n'kugwetsa chilichonse chimene chili m'mphepete mwa mtsinje. Ku Nairobi anachita zimenezo madzi atasefukira mu 2024: nyumba za anthu osauka ku Mathare ndi ku Mukuru zinagumulidwa mothamanga, mabanja masauzande anatsala pamtetete, ndipo ambiri anangosunthira pamalo ena oopsa chimodzimodzi. Lamulo likagwira ofooka okha, anthu amasiya kulikhulupirira. Ngati Blantyre ikufuna kubweza magombe a mitsinje yake, iyambe ndi mipanda ya anthu amene ali ndi kwina kopita, amene anakankha malire a puloti mwadala pofuna phindu, komanso mafakitale a ku Makata amene madzi awo amathera mu Mudi. Munthu amene nyumba yake yonse ili m'njira ya madzi apatsidwe kaye malo ena asanauzidwe kuti achoke.

Kwa inu amene mukufuna kulowa m'fulati ya ku Naperi, kaoneni nyumbayo mvula itangogwa, osati mu Ogasiti dothi lili gwa. Yang'anani m'munsi mwa makoma ngati penti yatsopano ikutupa kapena kusuwa, chifukwa chinyezi cha pansi sichibisika nthawi yaitali, ndipo chimadwalitsa ana chifuwa. Pitani kuseri mukaone kumene mapaipi akulowera, funsani ngati nyumbayo ili pa suweji kapena pa seputiki tanki, ndiponso kuti ikadzaza amalipira ndani. Funsani oyandikana nawo, osati ejenti, kuti madzi amabwera masiku angati pasabata ndi kuti zinyalala zimapita kuti. Matenanti akamafunsa mafunso amenewa ndi kukana nyumba zimene zilibe mayankho, eni nyumba adzayamba kuona kuti ngalande yabwino imabweretsa ndalama ngati mmene giza imabweretsera. Ndipo kwa khonsolo ya mzinda, Naperi ndi poyambira posavuta, chifukwa ndi mtsinje waufupi, woyambira ndi kuthera mumzinda umodzi, pansi pa ulamuliro umodzi. Akuluakulu a zaumoyo ndi a zomangamanga, pamodzi ndi makhansala ndi mafumu a m'maderamo, auyende wapansi kuchokera kumtunda mpaka pamene ukuthira mu Mudi, alembe paipi iliyonse imene ikutayira mumtsinjewo ndi mpanda uliwonse umene walowa m'njira ya madzi, apatse eni ake nthawi yokonza, ndipo zimenezi zichitike mvula ya dzinja lotsatira isanayambe.